Tikasume tonse: zimene khothi limayang'ana anthu ambiri akabwera ndi dandaulo limodzi

Wogula mbatatesi akatenga katundu pa ngongole kwa alimi a ku Tsangano n'kuzimiririka, kapena wogulitsa zipangizo zaulimi akagulitsa mbewu yosamera kwa anthu a midzi isanu ya ku Bembeke, zotsatira zake n'zodziwika. Anthu amakumana kwa amfumu, amasankha komiti, amasonkha ndalama ya thiransipoti ndi ya loya, ndiye wina amaimirira n'kunena kuti, "Tikasume tonse, tilipo ambiri, khothi litimvera." Kuchuluka kumathandizadi posonkha ndalama. Koma pa mafunso amene woweruza amakhala nawo, la kuchuluka ndi lopepuka kuposa onse, ndipo mlandu wa gulu ungathe kufera pakhomo, za mbewu ija zisanamvedwe n'komwe.

Njira zobweretsera anthu ambiri kukhothi zilipo ziwiri, ndipo komiti iyenera kudziwa kuti loya wake watenga iti. Yoyamba ndi yoti aliyense alembedwe dzina ngati wodandaula. Mlimi aliyense amapatsa loya chilolezo chomuimira, pa samani pamaoneka dzina la munthu mmodzi ndi chiwerengero cha anzake, mndandanda wa mayina onse uli kumbuyo. Umu ndi mmene alimi a fodya a kuno kwathu oposa 7,000, ena mwa iwo ana, anasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial ku London, ndipo mu 2021 khothi la kumeneko linakana pempho la makampaniwo loti mlanduwo uthetsedwe usanamvedwe. Aliyense mwa anthu amenewo ndi wodandaula payekha. Njira yachiwiri ndi imene maloya amaitcha class action, mlandu woimira gulu: anthu awiri kapena atatu amasuma m'malo mwa onse amene ali ndi dandaulo lofanana, ngakhale amene sanamvepo kuti kuli mlandu.

Njira yachiwiriyi ndi imene khothi limaikhwimitsira. Chigamulo chikatuluka chimamanga onse amene anaimiridwa. Oimirawo akaluza chifukwa choti loya wawo anagona, mayi wa ku Lobi amene sanapondeko kukhothi waluzira limodzi, ndipo sangayambitsenso mlandu womwewo. N'chifukwa chake ku America ndi ku South Africa woweruza amayamba wavomereza kuti nkhaniyo ndi yoyenera kuyenda ngati ya gulu, asanamve mboni iliyonse. Pa nthawi imeneyo safunsa kuti wolakwa ndani. Amafunsa ngati kuli koyenera kuti anthu amene kulibe amangidwe ndi zimene zigamulidwe.

Makhothi athu anatengera maziko a nkhaniyi ku England. Mpaka 2017 Khothi Lalikulu la Malawi linkayendera malamulo a kayendetsedwe ka milandu a ku England, ndipo chaka chimenecho m'pamene athuathu anayamba kugwira ntchito. Mlandu umene maloya amautchula kwambiri ndi wa 1901, wa Duke of Bedford ndi Ellis, ndipo aliyense amene anagulitsapo kabichi pa Lizulu angaumvetse. Alimi a zipatso, maluwa ndi ndiwo zamasamba ankati lamulo linawapatsa mwayi woyamba pa malo ogulitsira mu msika wa Covent Garden, koma mwini msika, Duke uja, sankawalemekeza. Ochepa anasuma m'malo mwa alimi onse otero, ndipo khothi linavomera pa zifukwa zitatu: chowakhudza chinali chimodzi, dandaulo linali limodzi, ndipo chimene ankapempha chinali chopindulira onse. Patangotha zaka 9, mu 1910, khothi la apilo la komweko linakaniza eni katundu amene anali mu sitima ya pamadzi imene inamizidwa pa nkhondo ya Russia ndi Japan. Onse anataya katundu tsiku limodzi mu sitima imodzi, koma aliyense anali ndi mgwirizano wakewake ndi eni sitima, ndipo aliyense ankafuna ndalama yakeyake.

Milandu iwiriyi ikwanira kuyezera nkhani zathu. Tiyerekeze kuti khonsolo ina yakweza msonkho wa pamsika osatsata ndondomeko imene lamulo limafuna. Funso ndi limodzi, yankho ndi limodzi, ndipo khothi likati kukwezako n'kosaloledwa, ogulitsa onse apindula mofanana. Imeneyo ndi nkhani yoyenera anthu ochepa kuimira onse. Ya mbatatesi za pa ngongole ili kumbali ina. Wina anagwirizana mtengo wa thumba m'mawa, wina madzulo utatsika. Wina analandirako theka pa foni. Wina anapereka matumba kwa mnyamata wa wogulayo, osati kwa mwiniwake. Ambiri alibe pepala lililonse. Wolakwa ndi mmodzi, koma mapangano ndi ambirimbiri, ndipo loya wa mbali inayo adzayambira pomwepo. Nkhani yotere imayenda bwino aliyense akalembedwa dzina, ndi matumba ake, mtengo wake ndi mboni yake.

Ya mbewu ili pakati, ndipo ndi imene imafuna luso. Funso lomanga onse lilipo: kodi mbewu ya loti imeneyi, kutanthauza mbewu yonse imene inapakidwa limodzi n'kupatsidwa nambala imodzi, inali yowonongeka pamene inkagulitsidwa? Likayankhidwa kamodzi, layankhidwira onse. Koma pali mafunso ena amene sangayankhidwe pagulu: unagula makilogalamu angati, unabzala liti, mvula inadula kwanuko kapena ayi, ukanakolola matumba angati. Loya wodziwa ntchito amagawa mlanduwo pawiri, kuti khothi liyambe lagamula funso la onse, kenako aliyense abwere ndi umboni wa zimene anataya.

Apa m'pamene kalembedwe ka gulu kamakhala nkhani yaikulu. Kulemba kuti "alimi onse amene anaberedwa ndi wogulitsayu" n'kudzitchera msampha, chifukwa kuti munthu adziwe ngati ali m'gulumo ayenera kudikira mlandu uthe, khothi litanena kuti kubako kunachitikadi. Gulu liyenera kulembedwa mwa njira yoti munthu atamva pa wailesi adziwe pompo ngati akukhudzidwa: onse amene anagula mbewu ya chimanga ya mtundu wakuti, ya nambala ya loti yakuti, pa sitolo yakuti, kuyambira 1 Okutobala mpaka 31 Disembala chaka chakuti. Nambala ya loti imakhala pa paketi kapena pa kapepala kosokedwa kukamwa kwa thumba, ndipo ndi chimene anthu amayamba kutaya akangotsegula. Komiti yochenjera imatolera mapaketi, malisiti ndi mbewu yotsala isanatolere ndalama, n'kupempha alangizi azaulimi kuti adzaone minda mmera usanabzalidwenso. Munda ukagalauzidwa, umboni wapita.

Kukulitsa gulu kuti liwopseze n'kumene kumaligwetsa. Ku America, kumene lamulo la milandu yotere linakonzedwanso mu 1966, amafuna kuti anthu akhale ochuluka moti sangalembedwe mmodzimmodzi, pakhale mafunso okhudza onse, dandaulo la woimira likhale longa la anzake, ndipo woimirayo akhale wotha kuteteza zofuna za onse. Mu 2011 Khothi la Supreme la dzikolo linathetsa gulu la amayi pafupifupi 1.5 miliyoni amene ankati kampani ya Wal-Mart imawasala pa malipiro ndi pokweza pa ntchito. Chifukwa chake chinali chakuti zigamulo za malipirozo zinkapangidwa ndi mamanejala osiyanasiyana m'masitolo masauzande, choncho panalibe yankho limodzi loyankhira onse.

Kwa ife a ku Ntcheu ndi Dedza, chitsanzo chapafupi ndi cha ku Joni, chifukwa m'midzi yambiri muno muli agogo amene anapita ndi Wenela kapena Theba n'kubwera ndi chifuwa. Ku South Africa, mlandu wokhudza makampani amene anagwirizana mwachinyengo pa mtengo wa buledi ndi umene unayala mfundo mu 2012: gulu lizindikirike bwino, dandaulo likhale loti khothi lingalimve, pakhale mafunso a onse, chipukuta misozi chikhale chotheka kuchiwerengera, pakhale njira yochigawira, woimira akhale woyenera, ndipo njira ya gulu ikhale yabwino kuposa ina iliyonse. Chaka chotsatira khothi loona za malamulo aakulu a dzikolo linati mfundozi ndi zothandiza kuganiza, osati zotsekera anthu. Chachikulu ndi chilungamo. Ndiye mu Meyi 2016, pa mlandu wa Nkala (dzina la mmodzi wa odandaula), oweruza atatu ku Johannesburg anavomereza magulu awiri a ogwira ntchito m'migodi ya golide: odwala silicosis, matenda obwera ndi fumbi la miyala m'mapapo, ndi odwala chifuwa chachikulu. Palibe amene ankadziwa chiwerengero chenicheni. Ziwerengero zimene zinaperekedwa zinayambira pa 17,000 mpaka 500,000. Khothi linagawa mlanduwo pawiri monga tanenera za mbewu. Gawo loyamba, la mafunso a onse, aliyense anali momwemo pokhapokha atanena kuti sakufuna. Gawo lachiwiri, la zimene munthu payekha anavutika nazo, linafuna kuti munthu adzilembetse.

Mlanduwo sunafike pozengedwa. Mu 2018 makampani 6 anavomera kupereka ndalama zokwana marandi 5 biliyoni, khothi linavomereza mgwirizanowo mu 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lizilipira amene anagwira ntchito yoopsa m'migodi ya makampaniwo pakati pa 12 Marichi 1965 ndi 10 Disembala 2019, kapena abale a amene anamwalira. Kupambana kwa gulu sikunalowetse ndalama m'thumba la munthu aliyense pakokha. Munthu amayenera kusonyeza kuti anagwira mgodi uti, zaka ziti, ndiponso kuti mapapo ake apimidwe. Kwa womwalira pamafunika zikalata zosonyeza chimene chinamupha. Kulembetsako n'kwaulere, choncho aliyense woyenda m'midzi kutolera ndalama ya "mafomu a ku Joni" ngofunika kumukayikira. Ndipo si gulu lililonse limene limavomerezedwa: mu Disembala 2023 khothi la ku Johannesburg lomwelo linakana kuvomereza gulu la ana ndi amayi a ku Kabwe, m'dziko la Zambia, amene ankasumira kampani ya migodi ya Anglo American pa nkhani ya poizoni wa mtovu, ndipo odandaulawo anachita apilo.

Kuno kwathu khomo lotseguka kwambiri ndi la maufulu. Gawo 15 la malamulo aakulu a dziko limapatsa munthu kapena gulu la anthu amene nkhani ikuwakhudza mokwanira mwayi wothandizidwa ndi makhothi, ndipo gawo 46 limalola amene ufulu wake waphwanyidwa kapena waopsezedwa kupita kukhothi. Mkaidi Gable Masangano anasuma m'malo mwake ndi m'malo mwa akaidi onse a m'dziko muno pa nkhani ya kuthithikana m'ndende ndi kuchepa kwa chakudya, ndipo mu 2009 khothi linagamula momukomera n'kupatsa boma miyezi 18 yoti likonze zinthu. Onani kuti sankapempha ndalama ya mkaidi aliyense. Ankapempha lamulo limodzi lothandiza onse. Komabe mawu oti "mokwanira" aja makhothi athu amawatenga mwamphamvu, ndipo bungwe la Civil Liberties Committee linabwezedwapo ndi Khothi la Supreme chifukwa silinasonyeze kuti nkhaniyo inkalikhudza ilo. Bungwe lofuna kuthandiza alimi lichite bwino kuika alimi enieniwo patsogolo ngati odandaula. Pali chivomerezo china chimene anthu amachisokoneza ndi cha gulu: Chief Justice, mkulu wa oweruza onse, akavomereza kuti mlandu ukukhudza kutanthauzira malamulo aakulu a dziko, umamvedwa ndi oweruza osachepera atatu. Chimenecho sichinena kanthu za amene akuimiridwa.

Zogwetsa zina n'za masiku onse. Nthawi ndi yoyamba. Mlandu wa pangano losakwaniritsidwa uli ndi zaka 6, wa kuvulala m'thupi chifukwa cha kusasamala kwa wina uli ndi zaka 3, wa malo zaka 12, koma kupempha khothi kuti liunikenso chiganizo cha ofesi ya boma kapena khonsolo kuli ndi miyezi 3 yokha. Miyezi itatu imatha komiti ikuyendabe kwa DC ndi kwa phungu. Kusumira boma kuti lilipire kumafunanso kuti muyambe mwapereka chidziwitso cholemba kwa Attorney General, mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, n'kudikira nthawi imene lamulo linaika. Ndipo ngati anthu ndi mazana ochepa odziwika mayina, musadalire kuti mlandu wa oimira ukuimitsira aliyense nthawi; alembeni onse.

Mndandanda wa mayina umafuna munthu wouma mutu. Dzina likhale monga lilili pa chiphaso cha unzika, osati la kumudzi kapena la mwana woyamba, pakhale nambala ya chiphasocho, mudzi, mfumu yaikulu, nambala ya foni, ndi siginecha kapena chidindo cha chala. Mwana wosakwana zaka amasuma kudzera mwa wamkulu womuimira. Womwalira amaimiridwa ndi amene ali ndi zikalata zoyendetsera chuma chake, osati aliyense amene wati ndi mwini mbumba. Vuto lofala ndi la mayina olowetsedwa mwa chibale, a anthu amene sanagule n'komwe. Loya wa mbali inayo akapeza atatu otero, amawaitana kuti awafunse mafunso pamaso pa woweruza, ndipo kuyambira pamenepo mndandanda wonse umakayikiridwa.

Posankha woimira, anthu amathamangira amfumu kapena wapampando wa kalabu. Ulemu ndi wabwino, koma woimira ayenera kukhala mmodzi mwa ovutikawo, wokhala ndi risiti yake, wopanda ubale kapena ngongole ndi wosumiridwa, ndiponso wotha kufika ku Lilongwe, kumene kuli Khothi Lalikulu lotumikira chigawo chapakati, nthawi iliyonse mlandu ukaitanidwa. Ngati wapampandoyo analandirako kenakake pogulitsa mbewu ija kwa mamembala, zofuna zake zasiyana kale ndi za gulu. Auzidwenso chilungamo chake: woluza kawirikawiri amalipira ndalama zimene wopambana wawononga pa mlandu, ndipo amene dzina lake lili pa samani ndi amene amatsatidwa. Choncho mgwirizano ndi loya ulembedwe, unene malipiro ake, amene adzalipire mlandu ukalephera, amene ali ndi mphamvu yovomera kukambirana, ndi mmene ndalama idzagawidwire. Mfundo ya kukambirana si yoiwala, chifukwa milandu yambiri ya ku Khothi Lalikulu imayamba yadutsa pa mkhalapakati isanazengedwe, ndipo wosumiridwa wochenjera amayesa kukhutiritsa oimira atatu aja payekhapayekha. Amene alibe ndalama ya loya ayambire ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu otere pa milandu.

Tsopano za wina amene amalowa m'milandu yotere koma si wodandaula kapena wosumiridwa: bwenzi la khothi, amene m'Chilatini amati amicus curiae. Anthu akamva kuti bungwe lakuti lalowa mu mlandu wawo ngati bwenzi, amaomba m'manja poganiza kuti apeza loya wachiwiri waulere. Si choncho. Bwenzili ndi la khothi, osati la wodandaula. Ntchito yake ndi kupatsa oweruza mfundo kapena ukatswiri umene mbali ziwirizo sizinabweretse, ndipo zimene linganene zingathe kukupwetekani. Pa mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha 2019, umene oweruza asanu anaugamula pa 3 Febuluwale 2020, Malawi Law Society ndi Women Lawyers Association analowa mwa njira imeneyi. Sanali kumbali ya odandaula kapena ya osumiridwa. Pa mlandu wa Nkala, mabungwe a Treatment Action Campaign ndi Sonke Gender Justice analoledwa kulowa, ndipo anabweretsa chimene maloya a ogwira ntchito m'migodi sanachiike patsogolo: mtolo umene amayi ndi atsikana amasenza posamalira mwamuna wobwera kumudzi akudwala. Limenelo ndiye bwenzi lothandiza, lowonjezera chimene chikusowa.

Wofuna kulowa amapempha chilolezo cha khothi, ndi chikalata cholumbirira, ndipo mbali zonse zimadziwitsidwa kuti zivomere kapena zitsutse. Pempholo linene kuti wopemphayo ndani, ukatswiri wake pa nkhaniyo ndi wotani, mfundo zimene akufuna kupereka mwachidule, ndiponso chifukwa chake mfundozo n'zosiyana ndi zimene zanenedwa kale. Mapempho ambiri amagwera pa chomalizachi. Bungwe limalemba masamba asanu ofotokoza mbiri yake ndi ntchito zabwino zimene lachita, n'kulephera kutchula mfundo imodzi yatsopano. Woweruza amene ali kale ndi mulu wa mafayilo alibe chifukwa chomvera zomwezo kachitatu. Ena amagwa chifukwa chochedwa, kubwera mlandu utatsala pang'ono kugamulidwa n'kufuna kuti masiku asinthidwe. Ena chifukwa choonekeratu kuti atumidwa ndi mbali imodzi. Khothi la Supreme la ku America limafuna kuti bwenzi liulule amene walemba nawo kapena kulipirira chikalata chake, ndipo ngakhale kumene lamulo silikakamiza, kuulula nokha n'kwabwino kusiyana n'kuti loya wa mbali inayo akuululireni.

Likaloledwa, bwenzi limayenda m'malire amene khothi laika. Nthawi zambiri limapereka mfundo zolemba, mwina n'kupatsidwa mphindi zochepa zolankhula. Silisintha mafunso amene eni mlandu abweretsa, silibweretsa umboni watsopano popanda chilolezo, silichita apilo ngati chigamulo sichinalikomere, ndipo kawirikawiri silipatsidwa kapena kulipitsidwa ndalama za mlandu. Eni mlandu akagwirizana n'kuuchotsa m'khothi, bwenzi lilibe chonena. Choncho amene chigamulo chidzakhudze munda wake, ntchito yake kapena thumba lake asapemphe kukhala bwenzi. Apemphe kuwonjezeredwa ngati mmodzi wa eni mlandu, kuti akhale ndi mphamvu yoitana mboni ndi yochita apilo, podziwa kuti akusenzanso chiopsezo cha ndalama za mlandu.

Pa nkhani ya mbewu ija, bwenzi loyenera lingakhale bungwe lodziwa mmene mbewu imayezedwera isanaloledwe pa msika, kapena lodziwa malamulo oteteza ogula, loti lifotokozere khothi chimene chizindikiro cha pa paketi chimalonjeza mlimi. Kalabu ya alimi a mudzi woyandikana nawo amene anagulanso loti yomweyo si bwenzi la khothi. Amenewo ndi odandaula, ndipo malo awo ndi pa mndandanda, ndi malisiti awo.